Tepi Yanga Ili Pamwamba pa Sutikesi Yako

Takondwa mwana wanga,

Ndakhala pa tebulo lodulira nsalu, makina ndawaphimba, ndipo kasitomala aliyense wobwera ndikumuuza kuti lero telala sali bwino. Sindikudwala ayi. Ndikufuna ndikulembere usanabwere kuchokera koluka tsitsi. Ukudziwa mmene ndiliri: ndikayamba nkhani yeniyeni pamaso pako mawu amanditsamwa, iwe n'kuyamba kuseka kuti "Amayi mwayambapo," nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala siliseka. Kalata iyi uyiwerenge lero lomwe. Usayisunge kuti ukawerengere m'ndege, chifukwa muli nkhani imene ikakupeza uli m'mwamba ikhala itachedwa.

Bambo ako ali kuseri, akuti akukonza nkhuku ya chakudya chotsanzikana. Ndawapeza maso ali psuu, akuti ndi utsi, chikhalirecho moto sanayatse. Munthu wakhala akunyamula masutikesi a anthu ena pabwalo la ndege kuyambira iwe usanabadwe, koma yakoyi lero angokhalira kuikweza pasikelo, kuitsitsa, kuikwezanso, ngati kuti ikusintha kulemera ikakhala payokha. Mawa usawaseke. Uwalole ayinyamule okha mpaka pomwe amaloledwa kufika.

Za jekete, za mankhwala a chimfine, za kupemphera, ndakuuza mpaka makutu ako atopa. Ndingobwereza chimodzi: uzidya. Iwe ukakhala ndi chovina umaiwala kuti uli ndi mimba, ndipo kumeneko kulibe mayi woti azikuthamangira ndi mbatata yootcha mpaka pamsewu. Ukaimba foni usamangoti "ndili bho", undiuze zoona, ngakhale zikhale zoti walira. Koma izo ndi zazing'ono. Chandikhazika pansi ndi china, ndipo ndiyambira kutali, undipirire.

Ndili msinkhu wakowu ndinkaphunzira kusoka kwa a Jafali, pakhonde la sitolo ina kwathu ku Lirangwe. Anali munthu wosakonda zolankhula, tepi ili m'khosi tsiku lonse, moti ena ankati amagona nayo. Chaka chimenecho msuweni wanga Esinati, amene ndinakula naye pamphasa imodzi, anapeza banja. Ine ndi chikondi changa ndinati ndimusokera diresi la ukwati ngati mphatso, asadziwe, adzangoona latha. Kumuyeza sindinamuyeze. Ndimuyezerenji munthu amene ndinkasamba naye kumtsinje? A Jafali anandiona ndikudula nsalu, n'kundifunsa kuti, "Mwini wake mwamuyeza?" Ndinati, "Ndimamudziwa." Iwo anangoti, "Ehe," n'kupitiriza kupalasa makina awo.

Diresilo linali lokongola, Tako, zimenezo sindingabise. Koma m'khwapa linathina, ndipo manja ndinawasiya aafupi, pamene Esinati ali ndi chipsera cha moto pamkono chimene sankafuna kuti akuchimuna achione tsiku loyamba. Chipseracho ndinkachidziwa, koma sindinkadziwa kuti chimamupweteka mumtima, chifukwa sindinamufunsepo. Analivala, poti ndinasoka ndine ndipo ndinali nditalengeza kale mudzi wonse. Tsiku lonse la ukwati wake anakhala atapinda mkono, atauphimba ndi mpango. Ng'oma zitalira, mtsikana amene ankavina kuposa tonse pa Lirangwe anakhala pampando ngati mlendo. Anthu ankayamikira ine, "Taonani luso la mwanayu!" ndipo ine ndinkangomwetulira osadziwa kanthu. Anadzandiuza patapita zaka, tikutsuka mbale pamaliro ena, ndipo ananena akuseka. Ine sindinaseke. Amati safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi Esinati.

Ugwire pamenepo, mwana wanga. Munthu ukhoza kumukonda ndi mtima wonse n'kumusokera chomuthina.

Ukanati munthu amaphunzira kamodzi. Ayi ndithu. Ukukumbuka tsiku loyamba unabwera ndi Shamimu kunyumba kuno, mutangoyamba kumene sekondale? Ndinaona mtsikana woyera khungu, tsitsi lofewa likusuzumira pansi pa mpango, ndipo mumtima ndinati lero kwabwera mwana wa Amwenye. Ndinathamanga kutsegula kabati, kutulutsa kapu ija ya maluwa imene timamwetsera abusa, n'kumukhazika pampando wa bambo ako, iwe uli pamkeka ndi kapu yako ya pulasitiki. Ndinayesanso ka Chingerezi kanga kothyokathyoka. Mwanayo anandiyang'ana, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Amayi, makapu a pulasitiki atha? Inetu ndine wa pa Lirangwe, mayi anga amagulitsa mpunga pamsika." Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Mwana wa kwathu kwenikweni, mayi ake Myao amene nkhope yawo ndinkaidziwa, iye akungokhala kwa azakhali ake kuno chifukwa cha sukulu. Bambo ake okha ndiwo anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo anamwalira iye ali wakhanda. Ku India sanapondeko, ngakhale bambo akewo sanapondeko.

Ine ndinkayesa ndikumulemekeza, koma kapu ya maluwa ija inkamuuza kuti iwe si wathu. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti munthu ukhoza kumutulutsa panja ndi mwano, ukhozanso kumutulutsa ndi ulemu.

Tsopano ndifike pa tsiku lija la pabwalo la ndege. Ndikufuna ndikuuze mmene ndinalionera ine, chifukwa iwe unali mkati mwake. Gulu la magule la kusukulu kwanu linaitanidwa kukavina manganje polandira alendo ochokera kunja, ndipo zovala zanu ndinasoka ndine. Aphunzitsi oyang'anira magule atabwera nanu kudzayezetsa, Shamimu panalibe. Nditafunsa anati, "Ujayo ayi, mayi. Alendo akufuna kuona Amalawi enieni. Akaona khungu lija aziti tachita kubwereka mwana wa eni." Tangoganiza! Manganje, gule wa kwawo kwa mayi ake, amene nyimbo zake za Chiyao ndi iye ankakuwongolerani lilime. Tsikulo anamupatsa ntchito yosunga nsapato zanu pafupi ndi mpanda.

Ine ndinaima chapatali ndi bambo ako. Aphunzitsi anakonza kuti muzilowa pakati pa bwalo awiriawiri, ndipo iwe, poti mnzako anali atachotsedwa, unauzidwa kuti ulowa wekha. Nthawi yako itakwana sunalowe. Unatuluka m'bwalo, n'kuyenda wopanda nsapato pa simenti yotentha ija mpaka kumpanda, n'kumugwira dzanja Shamimu. Woyimba ng'oma anasokonezeka, pang'ono asiye. Bambo ako anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Mwanayu andichotsetsa ntchito." Koma munalowa awiri, iwe mu chitenje, iye mu yunifolomu ndi mpango wake kumutu, ndipo atangogwedeza mapewa anzanu onse anakuwa, ng'oma n'kudzukanso. Ndinayesa kuimba nthungululu koma inandikanika chifukwa cha misozi. Sindinanyadirepo munthu ngati mmene ndinakunyadirira tsiku limenelo, ndipo zimene ndilembe m'munsimu sizikuchotsapo kalikonse.

Zotsatira ukuzidziwa kuposa ine: kuitanidwa kuofesi ya ahedi, anzanu kukana kuvinanso ngati Shamimu sabwezeretsedwa, kenako kagulu kanu kaja koyenda m'masukulu a ku Mdeka, Madziabango ndi Lirangwe, kukavina ndi kuuza ana anzanu kuti m'bwalo ndi m'kalasi mulowe aliyense, kaya ndi kaladi, kaya Mmwenye, kaya wachialubino, kaya wakuda ngati ine. Ndinkakuonani mukubwera fumbi lili mpaka m'nsidze, mawu atasasa, ndipo ndinkati ana awa akuchita zimene ife akuluakulu tinazilephera. Chovala chovinira cha Shamimu unabwera kudzaitanitsa ndiwe. Unati, "Amayi, chikhale chofanana ndendende ndi chathu, pasakhale kusiyana. Msinkhu wake ndi wanga womwewu." Ndipo ine, amene ndinasoka diresi la Esinati, ndinasoka osamuyeza, chopanda manja ngati cha nonsenu.

Mutamaliza sekondale, koleji ya magule ya ku Ulaya imene ukupitayi inafuna vidiyo yoti ufotokoze za iwe ndi ntchito ya kagulu kanu. Unajambula kuseri kuno pansi pa mtengo wa mango, iwo anaikonda, nakupatsa malo. Anaiikanso pa intaneti, anthu n'kumatumizirana pa mafoni mpaka inafika ku Lirangwe, kumene Shamimu anali atabwerera kwa mayi ake. Kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo pano. Ndikakufunsa umati ndi nsanje, zikumuwawa poti iwe ukupita iye akutsala. Ndinakukhulupirira theka, poti ndiwe mwana wanga. Koma ndakhala ndikukuona ukutsegula dzina lake pafoni, kuliyang'ana, n'kutsekanso.

Lachiwiri lapitali, iwe utapita m'tauni kukatenga mapepala ako, Shamimu anabwera. Anachita kudikira tsiku loti iwe kulibe, sindikubisira. Anatulutsa chovala chija m'jumbo n'kuchiyala pa tebulo lomwe ndikulemberapoli.

"Amayi, mungandiikireko manja aatali? Ana a ku Lirangwe ndikupitiriza nawo ndine, ndiye ndikufuna ndizivina momasuka."

Ndinati, "Nanga nthawi yonseyi wakhala ukuvala bwanji?"

"Ndimavala malaya ena mkati. Kukatentha ndimavutika, koma basi."

"Osanena bwanji, mwana iwe?"

Anaseka pang'ono. "Munthu wakumenyera nkhondo kuti uvale chofanana ndi anzako, ndiye ukamuuzenso kuti chovalacho sichikukukhala? Ndinkaopa kuoneka wosayamika."

Ndinamva ngati ndi Esinati akulankhula.

Ndinamuthirira tiyi, m'kapu ya pulasitiki, usade nkhawa, kenako ndinamufunsa mosazungulira ngati n'zoona kuti akuchita nsanje. Anayankha mosabisa.

"Nsanje pang'ono ilipo, amayi, ndisaname. Ndani safuna kukwera ndege? Koma si imene yandiletsa kubwera. Vidiyo ija munaionera?"

Ndinati ndinaionera, koma Chingerezi chake chinkathamanga kwambiri, ine ndinkangoona kukongola kwa mwana wanga.

"Tako akuti, mnzanga wachimwenye analibe mawu, ndiye ine ndinakhala mawu ake. Ananenanso za bambo anga, zoti abale awo sanabwerepo kudzationa chimwalirireni. Zimene zija ndinamuuza iye yekha, amayi, tili awiri. Pano pamsika aliyense akuzidziwa, mayi anga akulozedwa zala. Aphunzitsi aja ponditcha Mmwenye sindinadabwe. Koma Tako? Nthawi yonseyi ndakhala ndikukuwa m'masukulu kuti ndine Mmalawi, iye ataima pambali panga. Ndipo mawu ndili nawo, nyimbo zonse zija ndinkatsogolera ndine. Tsiku lija anandichotsa kumpanda, sindidzaiwala mpaka kufa. Koma pa vidiyo paja wandibwezera kumpanda komweko, kuti azungu andione bwino ndikusunga nsapato."

Ndakulembera mawu ake mmene ndikuwakumbukira, sindinawathire shuga. Ndikudziwa kuti pofika apa nkhope yako yatentha ndipo ukufuna kundiyankha: kuti sunafune choipa, kuti anthu akunja sakanamva ukanapanda kunena choncho, kuti popanda iwe bwenzi akusungabe nsapato. Mwina zonsezo n'zoona. Inenso ndinali ndi zifukwa zabwino pa diresi lija. Sindikuti ndiwe woipa, mwana wanga, ndikuti watengera mayi ako. Ife timakonda mothamanga, tepi titaiiwala pa tebulo.

Pali nkhani ina imene sindinakuuzepo bwinobwino, ndipo ndi imene imandichititsa kumvetsa chete wa Shamimu. Ndisanakwatiwe ndinagwirako ntchito kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Limbe, kwa banja lina la Amwenye. Mayi wa m'nyumbamo ankandikonda m'njira yake. Ndi iwo anandiphunzitsa kudula mkono wa bulauzi kuti usakoke, ndipo tsiku limene ndinkachoka analira. Koma kapu yanga inali ya chitini, ndipo inkakhala payokha pawindo, kutali ndi makapu ena. Tsiku lililonse ndinkamwera m'menemo ndikumwetulira, mumtima mukuwawa, ndipo sindinanenepo kanthu, poti munthu wokupatsa luso umudandaulira bwanji za kapu? Mpaka lero sindidziwa ngati akanasintha ndikanawauza. Sindinawapatse mpata. Ndinangonyamula kuwawako n'kubwera nako kuno, ndipo mwina n'chifukwa chake nditaona mwana woyera khungu pakhomo panga ndinathamangira kabati, kuti asapeze chonditola. Choncho mbali zonse ziwiri ndazikhalapo, Tako, ya womwera m'chitini ndi ya wotulutsa kapu ya maluwa. Palibe yokoma.

Tsono iwe ukupita kumene Shamimu udzakhale ndiwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinayamba kuziona pa masokosi aatali ovinira aja anakutumizira a kukoleji, olembedwa kuti ndi a mtundu wa khungu. Khungu la ndani? Anafika ofiirira ngati mkati mwa gwafa. Ndinawaviika m'masamba a tiyi, n'kutuluka a mtundu wa Shamimu, moti ndinaseka ndekha kubafa ngati wamisala. Ndinachita kukagula utoto ku Limbe kuti afike pa iwe. Wotsala uli m'thumba la m'mbali mwa sutikesi, ndausiya m'paketi yake chifukwa bambo ako akuti ufa wosadziwika umabweretsa mafunso pabwalo la ndege. Uziunyika m'madzi otentha, uthiremo mchere pang'ono kuti usasuluke. Koma usakangonyika mwakachetechete, ngati ine ndi kapu yanga ya chitini, ngati Shamimu ndi malaya ake amkati. Ukawauze, mwaulemu koma momveka, kuti khungu si limodzi.

Ena kumeneko akakusiya kumpanda poyera. Amenewo sindikuwaopa kwambiri, ndinaona mmene umayendera pa simenti yotentha. Amene ndikuwaopa ndi a kapu ya maluwa. Akakukonda, akakujambula, akakuika patsogolo pa chithunzi chilichonse cha koleji, n'kumakupempha gule wa kwanu tsiku ndi tsiku ngakhale iwe wapitira kukaphunzira magule onse. Akanena nkhani yako pagulu iwe uli pomwepo, kuti uyu ndi mtsikana wovutika wa ku Africa amene tamutola, ndipo akadabwa ukapanda kumwetulira. Tsiku limenelo usakawade. Ukakumbukire mayi ako ndi Chingerezi chawo chothyoka, kenako ukachite zimene anachita Shamimu, ufunse ngati makapu a pulasitiki atha.

Ndipo ukakapeza ena osiyidwa panja, chifukwa ndikukudziwa, sipatha nthawi usanayambitse kagulu kena, ukayambe wafunsa. Ukufuna ndiime nawe pati? Ichi ndinene kapena ndisanene? Ukatero ukhale chete, udikire yankho ngakhale lichedwe. Kukhala chete kumakuvuta, ndikudziwa, unayamba kulankhula mano asanamere. Koma nkhani ya munthu ili ngati nsalu imene kasitomala wasiya kwa telala. Ili m'manja mwako koma si yako, sudulako kachidutswa popanda kupempha, ngakhale utafuna kusokera mwana wamasiye. Nkhondo yanuyi ndi yabwino, usaisiye, ine ndili kumbuyo kwako. Kungoti amene ukumumenyerayo azituluka m'nkhondomo ali wamtali kuposa mmene analowera.

Ndibwerere kwa Shamimu. Atamaliza kulankhula ndinatenga tepi kuti ndimuyeze manja, kenako ndinaibwezera m'khosi. Ulendo uno ndinayamba ndafunsa. Ndinati, "Ndikatuma Takondwa kudzakuyeza kwanu, umulandira? Ukakana ndikuyeza pompano, nkhani ithera pa tebulo pano, iye sindimuuza kanthu."

Anasalaza chovala chija ndi dzanja. Ndege ina inadutsa pamwamba, tinadikira kuti phokoso lithe, ndipo litatha anakhalabe chete. Ine lilime linkandiyabwa, koma ndinaligwira.

"Abwere," anatero pomaliza. "Zimene ndanenazi mumuuze ndinu, ine pamaso pake zindikanika. Koma foni aisiye m'galimoto."

Ndege yako ndi ya masana. Lirangwe si panjira, ndikudziwa. Bwalo la ndege tikuliona titaima pakhomo, pomwe uko n'kuzungulira pa Kameza, kudutsa Lunzu, n'kubwereranso. Ndapempha a Ndawala a takisi kuti afike dzuwa likungotuluka, ndipo bambo ako, amene amadziwa nthawi za ndege kuposa za mapemphero, akuti mukanyamuka nthawi imeneyo mubwerako bwinobwino. Sindikukukakamiza. Ukati ayi, a Ndawala amwa tiyi n'kudikira masana, ndipo ine ndikuperekeza ndi mtima womwewu, ndikukumbatira chimodzimodzi. Koma ndikuopa, Tako. Ine ndinali ndi mwayi woti ine ndi Esinati tinkakumanabe pa maukwati ndi pamaliro, mpaka tsiku linafika loti andiuze. Iwe ukupita kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu awiri akasiyana osalankhulana, foni siiwabweza. Ukakwera osamuona, ndikuopa kuti mnzako amene unamuyendera pa simenti yotentha umutayiratu.

Ukapita, usakayambe ndi kufotokoza. Ukayambe ndi pepani, kwa iye ndi kwa mayi ake omwe, kenako tepi. Uyeze kuchokera paphewa mpaka pamene iye akuloze, osati pamene iwe ukuona kuti pakhala bwino. M'khwapa usiye mpata, munthu wovina amakweza manja. Umufunse za khosi, umufunse za mpango. Za vidiyo ija umufunsenso kuti akufuna uchite nayo chiyani, ndipo chimene anene ukachite ukafika, ngakhale zikakuchititse manyazi pamaso pa aphunzitsi ako atsopano. Miyeso undipatse tisanatsanzikane, ine ndisoka sabata yomweyi, kuti Loweruka akavine ndi ana a ku Lirangwe aja atakweza manja onse.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi ana a aneba, ndiye ndileke apa ndisanagwidwe ndi maso ngati a bambo ako. Nyumba ino ikhala zii popanda mapazi ako, ndipo sindikudziwa kuti ndizikalipira ndani kuti asiye kugwedeza tebulo ndikudula nsalu. Ndimakukonda, mwana wanga, kuposa mmene pakamwa panga panakwanitsira kunena. Mulungu akutsogolere, ukavine mpaka adziwe kuti ku Chileka sikungotera ndege zokha.

Tepi yanga ili pamwamba pa sutikesi yako. Ndi ija anandisiyira a Jafali, ndipo sindinabwerekepo munthu. Yankho usandiuze pakamwa, tingalire tonse. M'mawa ndikadzuka ndingoyang'ana pa sutikesipo. Ndikapeza tepi palibe, tiyi wa a Ndawala ndiwathirira m'botolo kuti akamwere panjira.

Ndine mayi ako,
telala wa pakhonde, amene akuphunzirabe kuyeza.